Mjaho wa mahatchi odumpha mipanda: werengani izi musanakhulupirire olosera

Lachiwiri pa 10 Malichi 2015, makampani obetchetsa a ku Britain ndi Ireland mitima idali m'mwamba. Lidali tsiku loyamba la mipikisano ya mahatchi ya ku Cheltenham ku England, ndipo anthu ankhaninkhani adali atamanga tikiti imodzi ya mahatchi anayi ophunzitsidwa ndi Willie Mullins, onse okweredwa ndi Ruby Walsh. Douvan idapambana. Un De Sceaux idapambana. Faugheen nayo idapambana. Padatsala Annie Power yokha, hatchi yaikazi yomwe olosera onse ankati palibe yoigonjetsa. Idatsogola bwinobwino mpaka pampanda womaliza, inzake zili m'mbuyo, anthu ayamba kale kukumbatirana. Pamenepo idanyamuka msanga, idagunda mpanda, n'kugwa. Matikiti onse aja adafera pomwepo, ndipo makampani adapulumutsa mapaundi mamiliyoni ambiri. Hatchiyo idadzuka yamoyo, ndipo chaka chotsatira idapambana mjaho waukulu wa Champion Hurdle pabwalo lomwelo.

Olosera aja sadaname. Annie Power idalidi hatchi yoposa zonse pamjaho umenewo. Koma mjaho wodumpha mipanda uli ndi chinthu chimene palibe nyuzipepala ingachichotse, chomwe ndi mpanda weniweniwo. Tsoka silinunkha. Amalawi ambiri amene ali ku Britain amakumana ndi masewerawa m'mwezi wa Epulo, anzawo kuntchito akayamba kusonkhetsa mapaundi awiriawiri kuti aliyense atole kapepala ka dzina la hatchi ya mu mjaho wotchuka wa Grand National. Ena amathera pomwepo. Ena amakopeka, nayamba kuwerenga zolosera pa intaneti, ndipo amenewa ndiwo ndikulankhula nawo.

Masewerawa ku Britain ndi Ireland amawatcha National Hunt, ndipo amatentha m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo, pamene mvula yafewetsa nthaka. Amene adaonako mjaho wa Durban July ku South Africa kapena wa ku Borrowdale Park ku Harare adziwe kuti imeneyo ndi mijaho yapansi, yopanda chodumpha, ya mahatchi aang'ono aliwiro. Mahatchi odumpha amakhala okhwima, ambiri a zaka zisanu mpaka khumi ndi ziwiri, ndipo amathamanga mtunda wautali, kuyambira makilomita atatu mpaka pafupifupi asanu ndi awiri. Zodumpha zake zili mitundu iwiri. Pali hurdle, kampanda kafupi kongopitirira pang'ono mita imodzi, kamene hatchi ikakagunda kamapendekeka. Ndiye pali mipanda ya steeplechase, kapena kuti chase, yambiri yosachepera mita 1.37, yokhuthala ndi yolimba, ina ya ngalande kutsogolo, ina ya madzi kuseri. Hatchi zambiri zimayambira pa hurdle kenako n'kukwera ku chase. Ikayamba nyengo isanapambanepo pamtundu wina imatchedwa novice, ndipo mawu amenewa mukawaona muzidziwa kuti hatchiyo ikuphunzirabe kudumpha.

Mipikisano imene imakoka ndalama zambiri ndi iwiri. Wa ku Cheltenham umachitika masiku anayi m'Malichi, mijaho 28, ndipo chimake ndi Gold Cup Lachisanu, makilomita opitirira asanu ndi mipanda 22. Wina ndi Grand National ku Aintree pafupi ndi Liverpool, womwe udayamba mu 1839: makilomita pafupifupi 6.9, kudumpha ka 30.

Tsono nkhani yolosera mjaho, ikalembedwa ndi munthu wodziwa, imayankha mafunso angapo, ndipo loyamba ndi la nthaka. Iwo amati going. Mlimi aliyense amadziwa kusiyana kwa kuyenda m'dimba lonyowa ndi kuyenda pamsewu wouma, ndipo hatchi nazo n'chimodzimodzi. Woyang'anira bwalo amalengeza m'mene nthaka ilili: heavy ndiye matope enieni, soft yofewa, good to soft, kenako good yomwe ili pakatikati. Ku Ireland amagwiritsanso mawu oti yielding. Pali hatchi zina zimene zimasangalala m'matope pamene zinzake zikulefuka, zina zimafuna pouma kuti liwiro lawo lioneke. Mu 2001 mvula idavumba ku Aintree, ndipo pa mahatchi 40 amene adanyamuka, anayi okha ndiwo adafika kumapeto, awiri mwa iwo okwera ake atachita kukweranso atagwa. Idapambana ndi Red Marauder pa 33/1. Choncho kulosera kolembedwa Lolemba kungathe kukhala kopanda ntchito pofika Loweruka ngati mvula yagwa Lachisanu usiku. Ine ndikaona wolosera sakutchula n'komwe za nthaka, ndimasiya kuwerenga.

Lachiwiri ndi la mtunda ndi bwalo. Hatchi yopambana pa makilomita atatu ingathe kuthedwa mpweya pa asanu. Mabwalonso amasiyana. Ku Cheltenham ndi ku Aintree amazungulira chakumanzere, ku Kempton, Ascot ndi Sandown chakumanja, ndipo hatchi zina zili ndi mbali yawo ngati m'mene alili munthu wamanzere. Desert Orchid, hatchi yoyera imene Angerezi ankaikonda kwambiri, idapambana King George VI Chase ku Kempton kanayi, koma Gold Cup ya ku Cheltenham idaitenga kamodzi kokha, mu 1989, movutikira. Ku Cheltenham kulinso chitunda kumapeto kwenikweni, ndipo hatchi zambiri zotsogola zimathera pachitunda pamenepo.

Funso limene limasokoneza ambiri ndi la katundu. Mijaho yambiri, kuphatikizapo Grand National, ndi ya handicap. Bungwe loyendetsa masewerawa ku Britain, British Horseracing Authority, lili ndi akatswiri amene amapatsa hatchi iliyonse nambala malinga ndi m'mene yakhala ikuchitira. Yanambala yaikulu imasenza katundu wolemera, yanambala yaing'ono wopepuka. Katunduyu ndi wokwera pamodzi ndi chishalo chake, ndipo akapepuka amaonjezera timapale tamtovu m'nsalu ya pansi pa chishalo. Amayeza m'miyeso yachingerezi ya stone ndi pound. Stone imodzi ndi makilogalamu 6.35, ndipo mukaona 11-4 papepala ndiye kuti stone 11 ndi ma pound anayi. Cholinga cha zonsezi n'chakuti mahatchi onse afike pamzere nthawi imodzi. Taganizani bwino pamenepa: pali munthu wolembedwa ntchito, wodziwa kuposa inu ndi ine, amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti mjahowo ukhale wosaloseka.

Kulemera kwa katundu kudaonekera poyera mu Grand National ya 1973. Crisp, hatchi yaikulu yochokera ku Australia, idasenza stone 12. Idatsogola patali zedi, ikudumpha mokongola, mpaka idawoloka mpanda womaliza ili yokha. Koma kuchoka pampanda womaliza kufika pamzere ku Aintree pali mamita pafupifupi 450, ndipo miyendo ya Crisp idayamba kugwedera. Red Rum, yomwe idasenza makilogalamu khumi ocheperapo, idaipeza pamasitepe omaliza n'kuidutsa. Red Rum idadzapambananso mu 1974 ndi 1977, n'kukhala yachiwiri mu 1975 ndi 1976, mbiri yomwe palibe hatchi yaifikapo. Koma amene adaona mjaho wa 1973 amavomereza kuti tsiku limenelo hatchi yamphamvu kwambiri ndi imene idagonja. Mu handicap simufunsa kuti hatchi yabwino ndi iti. Mumafunsa kuti ndi iti imene akatswiri aja aiyeza moperewera, ndipo n'chifukwa chake olosera amakonda hatchi zazing'ono zimene zikukulabe mphamvu, zomwe nambala yake yatsalira m'mbuyo.

Pambali pa dzina la hatchi mudzaona manambala ndi zilembo, mwachitsanzo 21F-3P1. Amenewa ndi mbiri yake ya posachedwa, yowerengedwa kuchokera kumanzere, ndipo chakumanja kwenikweni ndiwo mjaho womwe yangothamanga. Nambala ndi malo amene idathera, 0 ndiye kuti idali kunja kwa zisanu ndi zinayi zoyamba. F idagwa. U idagwetsa wokwera. P wokwera adaiimitsa isadamalize, kawirikawiri chifukwa chotopa kapena kuvulala. R idakana kudumpha. B idapunthwa pa inzake imene idagwa kutsogolo kwake. Kamzere kamalekanitsa nyengo ya chaka chino ndi yapita. Chilembo C chikutanthauza kuti idapambanapo pabwalo limeneli, D pamtunda ngati umenewu. Zilembo F ndi U zikachuluka, musamvere zoti hatchiyo ili ndi liwiro. Liwiro silithandiza hatchi imene ili chigonere paudzu.

Za aphunzitsi a mahatchi n'zosavuta kumva. Zaka zimenezi Willie Mullins wa ku Closutton, m'chigawo cha Carlow ku Ireland, ndiye akulamulira. Mu 2024 adakwanitsa zipambano 100 pa mipikisano ya Cheltenham, ndipo mu Grand National ya 2025 mahatchi atatu oyamba onse adali ake, yotsogola Nick Rockett itakweredwa ndi mwana wake Patrick. Ku England kuli Nicky Henderson, Paul Nicholls ndi Dan Skelton. Vuto lake n'lakuti zimenezi aliyense amazidziwa, ndipo chimene aliyense akudziwa chidalowa kale mumtengo.

Apa ndiye pagona nkhani. Amene adazolowera kubetcha mpira kumudzi amadziwa ma odds ngati 2.50 kapena 6.00. Ku Britain amalemba mogawa: 5/1 ndiye kuti pa paundi iliyonse mupindula zisanu, n'kubwezeredwanso yanu ija, zomwe n'chimodzimodzi ndi 6.00. Mukaona 7/2 ndi 4.50, evens ndi 2.00, ndipo 1/2, mtengo wa Annie Power tsiku lija, ndi 1.50. Mtengo uliwonse ukunena za mwayi. Hatchi ya 5/1 ikuyesedwa kuti ingapambane kamodzi pa maulendo asanu ndi limodzi. Ya 1/2, kawiri pa katatu, kutanthauza kuti ngakhale kampaniyo ikuvomereza kuti kamodzi pa katatu zinthu zidzalakwika.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi ndi chitsanzo chopeka cha mahatchi atatu okha, a evens, 2/1 ndi 3/1. Mukafuna kubetcha onse atatu kuti iliyonse ikapambana mulandire mapaundi 100, muika 50 pa yoyamba, 33.33 pa yachiwiri, 25 pa yachitatu. Mwatulutsa 108.33 kuti mulandire 100. Mapaundi asanu ndi atatu otsalawo ndiwo phindu la kampani, ndipo amawatcha overround. Amakhalapo pamjaho uliwonse, mvula igwe kapena isagwe, ndipo mahatchi akachuluka nawonso amakula. Pa Grand National, pomwe anthu osadziwa kanthu za mahatchi amabetcha chifukwa chokonda dzina kapena mtundu wa malaya a wokwera, amakula koposa. Kuti munthu apindule kwa nthawi yaitali, sikokwanira kupeza opambana. Ayenera kumapeza mobwerezabwereza hatchi zimene mtengo wake ndi waukulu kuposa mwayi wake weniweni, mokwanira kugonjetsa gawo la kampani lija. Alipo anthu ochepa amene amatha, ndipo makampani akawazindikira amawachepetsera ndalama zimene angabetche kapena kuwatsekera akaunti. Zimenezi zokha zikukuuzani kasitomala amene makampaniwa amamufuna.

Hatchi yokondedwa kwambiri pamsika, imene amati favourite, imapambana pafupifupi kamodzi pa mijaho itatu. Wolosera amene amangosankha zimenezi amaoneka wanzeru kawirikawiri, koma wotsatira wake amapezeka ataluza pang'onopang'ono chifukwa malipiro ake ndi ochepa. Kumbali inayi kuli amene amasaka za 100/1, pokumbukira Foinavon. Mu 1967 hatchi ina yopanda wokwera idadutsa chopingasa kutsogolo kwa mpanda wa 23, mahatchi adaunjikana pamenepo, ndipo Foinavon, poti idali m'mbuyo kwambiri, idapeza mpata n'kudumpha yokha. Mpandawo lero umatchedwa dzina lake. Nkhaniyi njokoma, koma chiyambire 1839 hatchi za 100/1 zapambana Grand National kasanu kokha: 1928, 1929, 1947, 1967 ndi 2009, pamene Mon Mome idapambana. Ofufuza za kubetcha adaona kalekale kuti mitengo ikuluikuluyi ndiyo imadyera anthu kwambiri, chifukwa hatchi yolembedwa 100/1 nthawi zambiri mwayi wake weniweni umakhala wochepa kuposa pamenepo.

Mawu ena amene mudzakumana nawo tsiku lililonse ndi each-way. Uku ndi kubetcha kuwiri pakamodzi: theka loti hatchi ipambana, theka loti ithera m'gulu la zoyambirira. Mukati mapaundi asanu each-way mwatulutsa khumi. Tinene kuti hatchi ili pa 20/1 ndipo kampani ikulipira gawo limodzi la magawo asanu pa malo. Ikathera pachitatu, asanu oyamba apita, asanu enawo alipidwa pa 4/1, mulandira 25. Ikapambana mulandira 130. Koma chitani zomwezo pa hatchi ya 4/1: ikathera pachiwiri mulandira 9 pa khumi munaika, ndiye kuti mwaluzabe. Chiwerengero cha malo olipidwa chimadalira kuchuluka kwa mahatchi, ndipo pa mijaho ikuluikulu makampani amapikisana poonjezera malo, ena asanu, ena asanu ndi limodzi. Pamenepa pokha ndi pomwe kuyerekeza makampani kuli ndi phindu looneka.

Chenjeraninso ndi ante-post, kubetcha milungu kapena miyezi mjaho usanafike. Mtengo umakhala wokoma, koma hatchi ikavulala kapena mwini wake akaisamutsira kumjaho wina, ndalama yanu yapita osathamanga n'komwe, pokhapokha kampani italonjeza kuti non-runner no bet, kutanthauza kuti hatchi ikapanda kuthamanga ndalama ibwezedwa. Ku Cheltenham izi zimachitika chaka chilichonse, poti mphunzitsi mmodzi amalembetsa hatchi imodzi m'mijaho iwiri kapena itatu n'kudzasankha sabata yomaliza. Ndipo mukabetcha tsiku lomwelo hatchi ina n'kuchotsedwa mochedwa, pali lamulo lotchedwa Rule 4 limene limadula malipiro anu.

Tibwerere ku tikiti ya mahatchi anayi ija. Pa mitengo ya tsiku limenelo, 2/1, 4/6, 4/5 ndi 1/2, mapaundi khumi akadabala 135. N'chifukwa chake tikiti yotereyi, imene amati accumulator, imakoma, ndipo ife ozolowera kumanga matimu khumi pa tikiti imodzi timaidziwa bwino. Koma mukachulukitsa mitengo mukuchulukitsanso gawo la kampani, kanayi konse, ndi mipanda yonse imene hatchi zinayizo ziyenera kuwoloka. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Zaka khumi pambuyo pa Annie Power, mu Champion Hurdle ya 2025, zidachitikanso pabwalo lomwelo. Constitution Hill, imene idali isadagonjepo pa hurdle, idagwa. State Man idatsala yokha kutsogolo, nayo n'kugwa pampanda womaliza. Idapambana ndi Golden Ace pa 25/1.

Nanga olosera enieniwo ndani? Pali atolankhani a nyuzipepala ngati Racing Post, yomwe idayamba mu 1986, ndi akatswiri a Timeform, imene Phil Bull adaiyambitsa mu 1948. Awa amaonera mijaho yonse, amasunga mbiri, ndipo zolemba zawo zimakuphunzitsani kuona mjaho ndi maso atsopano. Ndimaziwerenga ndipo ndimazilemekeza. Koma wolosera wotchuka akangotchula hatchi, mtengo wake umatsika m'mphindi zochepa, ndiye inu mumapeza 6/1 pamene iye adalemba 10/1. Phindu limene iye akuwerengera si limene inu mupeze.

Ndiye pali gulu lina limene limandiwawa mtima, la masamba ndi magulu a pa Telegram, WhatsApp ndi Facebook opereka ma tip aulere. Ambiri mwa iwo amalipidwa ndi makampani obetchetsa omwewo. Mukadina ulalo wawo n'kutsegula akaunti, iwo amalandira ndalama, ndipo pa mapangano ena amalandira gawo la ndalama zimene inu muziluza. Munthu amene amadya inu mukaluza sangakhale mlangizi wanu. Ena amagulitsa zolosera ponena kuti ali ndi mnzawo wogwira ntchito m'khola la mahatchi. Amaonetsa zithunzi za matikiti opambana, oluza amawabisa. Funso lowafunsa ndi limodzi: onetsani zonse zimene mudalosera chaka chathachi, zopambana ndi zoluza, pamodzi ndi mitengo imene munthu wamba akadaipeza. Woona mtima amakhala nazo kale poyera.

Sindingalembe za masewerawa osatchula za mahatchi eniake, chifukwa F ija papepala nthawi zina imatanthauza imfa. Mu 2012 Synchronised, itangopambana Gold Cup mwezi umodzi m'mbuyomo, idafa mu Grand National pamodzi ndi According To Pete. Chaka chotsatira mitengo yolimba ya m'kati mwa mipanda ya ku Aintree idachotsedwa n'kuikamo zofewerapo. Mu 2023 Hill Sixteen idafera pampanda woyamba, tsiku limene omenyera ufulu wa nyama adalowa m'bwalo n'kuchedwetsa mjaho. Kuyambira 2024 mahatchi ololedwa adatsitsidwa kuchoka pa 40 kufika pa 34, ndipo mpanda woyamba adausendeza pafupi kuti asaufike ndi liwiro lalikulu. Kusinthaku kuli ndi tanthauzo ngakhale kwa wobetcha: mahatchi ogwa achepa, apamwamba akumaliza ambiri, ndipo malamulo akale amene olosera amakonda kubwereza, monga akuti hatchi yolemedwa katundu singapambane National, sakugwiranso ntchito ngati kale. Okweranso amathyoka mafupa kawirikawiri. AP McCoy, amene adakhala katswiri wa okwera zaka 20 zotsatizana, adalephera Grand National maulendo 14 asadaipambane mu 2010 pa Don't Push It. Rachael Blackmore adakhala mkazi woyamba kuipambana mu 2021 pa Minella Times.

Kwa m'bale wanga amene uli ku Britain, ukugwira mashifiti ausiku ndipo kumudzi akudikira fizi: ngati ukufuna kubetcha pa National, patula ndalama imene ungaonongere chakudya chamadzulo amodzi, uiwerenge kuti yapita kale, ndipo usaonjezere ukaluza. Kuthamangitsa ndalama yoluza ndiko kumagwetsa anthu m'ngongole, makamaka sabata ya Cheltenham pomwe mjaho wina umayamba pasanathe ola chithere unzake, kasanu ndi kawiri patsiku. Kuyambira Epulo 2020 kubetcha ndi khadi la ngongole n'koletsedwa ku Britain, ndipo kampani iliyonse yovomerezeka ili ndi poika malire a ndalama zimene ungalowetse pa sabata kapena pa mwezi. Ika malirewo tsiku lotsegula akaunti, mutu udakali wozizira. Ukaona kuti wayamba kubisira akunyumba kapena kubwereka kuti ubetche, kuli GamStop, komwe umalembetsa kamodzi kwaulere n'kutsekeredwa ku makampani onse a pa intaneti ovomerezeka m'dzikolo kwa miyezi isanu ndi umodzi, chaka chimodzi kapena zaka zisanu, ndipo a GamCare, bungwe lothandiza ovutika ndi njuga, amayankha foni usana ndi usiku.